Nsomba zofiira zikubala ana otuwa: poyambira kufufuza

Dandaulo la oweta nsomba za m'thanki yagalasi limabwera mofanana nthawi zambiri. Munthu wagula yaimuna yofiira psuu, waipezera zazikazi, zaikira mazira, ana akula, koma patatha miyezi isanu ndi itatu m'thanki muli nsomba zotuwa, zina zaolenji wofooka, zina zabuluu ngati sizinabadwe kwa tate ameneyo. Kwa ena vuto limayamba msanga: nsomba yomwe anagulayo ndiyo yatuwa isanathe miyezi iwiri. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kugula chakudya chodula chofiiritsa. Nthawi zina chimathandiza. Nthawi zambiri ndalama imangopita, chifukwa kufiira kwa nsomba kumachokera mbali zitatu zosiyana: chibadwa chake, zimene ikudya, ndi moyo umene ikukhala m'thankimo. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi zizindikiro zake, ndipo mukalondola zizindikiro simuwononga chaka chonse mukukonza chomwe sichinawonongeke.

Nsomba zimene ndikukamba kwambiri ndi zochokera ku makolo a m'nyanja ya Malawi. German Red, yomwe ena amaitcha Rubescens, inatuluka m'manja mwa oweta a ku Germany amene anasankha mibadwo ndi mibadwo kuchokera ku Aulonocara (nsomba zomwe oweta amazitcha peacock) zachikasu ndi zaolenji za cha ku Chipoka ndi ku zilumba za Maleri. Eureka Red ndi Aulonocara jacobfreibergi yosankhidwa mofananamo. Super Red Empress inachokera ku Protomelas taeniolatus ya ku chilumba cha Namalenje. Dragon Blood ndi OB peacock (yamawanga akuda) ndi mahaibulidi enieni, osakaniza mitundu, ndipo m'nyanja simungawapeze ngakhale mutamira kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga. Kutsogoloku ndikhudzanso Red Texas ndi Blood Parrot, zomwe makolo ake ndi a ku Central America ndi Mexico, poti zili ndi vuto lakelake.

Munagula yofiira, yatuwa m'masabata ochepa

Kumbukirani kukula kwake tsiku lomwe munaigula. Aulonocara yaimuna siyamba kufiira isanafike masentimita 5 kapena 6, ndipo kufiira kokwanira kumatenga chaka kapena kuposerapo. Ngati m'thanki ya wogulitsa munali tinsomba ta masentimita 3 kapena 4, tonse towala ngati nsomba zazikulu, popanda ngakhale kamodzi kotuwa, tinsombato tinadyetsedwa mahomoni. Mafamu ena ogulitsa nsomba zokongoletsa amasakaniza mahomoni aumuna otchedwa methyltestosterone m'chakudya kuti tiana tioneke ngati amuna okhwima. Zazikazi nazo zimafiira, n'chifukwa chake m'thanki yotero simuoneka yotuwa. Mankhwalawo akatha m'thupi, patatha masabata angapo mpaka miyezi iwiri, nsomba imabwerera mwakale. Yomwe inali yaimuna yeniyeni idzafiiranso pa nthawi yake ngati chibadwa chake chili chabwino. Yomwe inali yaikazi idzakhala yotuwa mpaka kalekale, ndipo zambiri mwa izo siziikira bwino mazira. Palibe chakudya chimene chingabweze kufiira kumeneku. Dikirani miyezi itatu muone chotsala, ndipo nsomba zoterezi musaziike m'gulu lobereketsa.

Ngati nsomba inali yaikulu kale, ganizirani nyale. Masitolo ambiri amayatsa nyale za LED zopendekera kofiira kapena pinki, ndipo nsomba yaolenji pansi pa nyale yotero imaoneka yofiira ngati magazi. Pogula, pemphani kuti akuikireni m'kabeseni mutuluke nayo pakhomo pali dzuwa. Wogulitsa wokhulupirika sakana.

Chinanso ndi mantha a ulendo. Nsomba yongofika kumene imatuwa masiku angapo, mwina sabata ziwiri. Zimitsani nyale, ipatseni miyala yobisalamo, musaigwiregwire ndi ukonde.

Yaimuna imodzi yokha ndiyo yofiira

Ili si vuto la chakudya, ndipo nthawi zambiri si la chibadwa. Pakati pa nsomba za m'nyanja ya Malawi, kuwala ndi chizindikiro cha ulamuliro. Yaimuna yomwe yalanda dera imavala maonekedwe ake onse, ndipo zinzake zimadzizimitsa dala kuti zisamenyedwe; zina zimatuwa mpaka kufanana ndi zazikazi. Mukaona ana anu 30 ali ndi mmodzi yekha wofiira, musafulumire kunena kuti ena 29 ndi oipa. Pafupifupi theka ndi aakazi, ndipo amuna otsalawo akungobisala.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Chotsani yofiirayo muisunge payokha. Pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri, ina idzadzuka n'kuyamba kuwala. Ichotseninso, ndipo pitirizani motero mpaka mwaona amuna onse. Njirayi ndi yochedwa koma ndi yokhayo imene imakuonetsani nsomba iliyonse mmene ilili. Apa pali msampha umene oweta ambiri amagweramo: yoyamba kufiira ndi yomwe yakula msanga ndi yolusa kwambiri, osati yomwe ili ndi kufiira kozama. Mukamabereketsa yoyambayo m'badwo uliwonse, pakatha mibadwo itatu mudzakhala ndi nsomba zazikulu, zankhanza, zaolenji. Kawirikawiri yofiira kwambiri imakhala yachitatu kapena yachinayi kudzuka. Jambulani iliyonse ndi foni, pamalo amodzi, nthawi imodzi ya tsiku, nyale yake imodzimodzi, kenako yerekezani zithunzizo zonse zikakwana.

Ngati muli ndi mbuna m'thanki yomweyo, zichotseni kaye musanaweruze chilichonse. Mbuna ndi zaukali kuposa Aulonocara, ndipo pamaso pa mbuna yaimuna yolusa peacock sionetsa chimene ili nacho.

Zonse zatuwa pamodzi, ngakhale yolamula

Apa ndiye tiyang'ane madzi ndi chakudya. Madzi a m'nyanja ya Malawi ndi oyera, pH yake (muyeso wa asidi m'madzi) imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo sasinthasintha. M'thanki, pH yokhazikika pa 7.6 ndi yabwino kuposa imene ikukwera ndi kutsika chifukwa cha mankhwala othira tsiku ndi tsiku. Amoniya ndi nitrite, zoipa zochokera ku ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala, ziyenera kukhala pa ziro. Nitrate, amene amatsala sefa ikagaya zoipazi, asungeni pansi pa 20 mg pa lita ngati mungathe. Akapitirira 40 nsomba sizifa, koma zimazilala ndipo ana sakula bwino. Mankhwala ake ndi kusintha madzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu sabata iliyonse. Madzi a pampopi ali ndi klorini, ndiye agoneni mumgolo usiku ndi usana mpweya ukupita, kapena thirani mankhwala ochotsa klorini. Kumene amathira chloramine (klorini wosakaniza ndi amoniya), monga m'mizinda ina ikuluikulu, kugoneka sikuthandiza. Pamafunika mankhwala basi.

Kutentha kukhale madigiri 24 mpaka 27. M'miyezi ya June ndi July, ku Lilongwe, ku Dedza kapena ku Johannesburg, thanki yopanda hita imatsika kufika pa 20 kapena pansipo usiku, ndipo nsomba zimachita mbuu, zimaleka kudya, zimaleka kuikira. Magetsi akazima maola ambiri, fundani thanki ndi bulangete ndipo musadyetse tsiku limenelo, popeza sefa ikaima tizilombo tothandiza ta m'menemo timafooka ndipo amoniya amakwera. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotsika mtengo kuposa nsomba imodzi yabwino.

Mtundu wa mchenga ndi khoma lakumbuyo ulinso ndi mphamvu. Pakhungu la nsomba pali timaselo takuda timene timatambasuka nsomba ikakhala pamalo amdima ndi kukhwinyata ikakhala pamalo oyera. Pamchenga wakuda bii, German Red imaoneka yofiira moderapo ngati yadetsedwa. Pagalasi loyera lopanda kanthu pansi pa nyale yamphamvu, imatuwa. Mchenga wa kumtsinje wosambitsidwa bwino, wamtundu wapakatikati, ndiwo umaonetsa nsomba mwachilungamo.

Tsopano chakudya. Mbali yaikulu ya kufiira ndi chikasu cha nsomba imachokera ku zinthu zotchedwa carotenoid, ndipo nsomba siingazipange yokha m'thupi, iyenera kuzidya. Yamphamvu kwambiri pa kufiira ndi astaxanthin, yomwe imapezeka mu krill (tinkhanu ting'onoting'ono ta m'nyanja zamchere), mu shirimpi ndi mu ndere yotchedwa Haematococcus pluvialis. Ndi chinthu chomwechi chimene alimi a salmon amathira m'chakudya kuti mnofu ukhale wapinki. Spirulina (ufa wobiriwira wa ndere) imakometsa kwambiri chikasu ndi olenji. Paprika wosawawa amathandizanso kwa amene amadzipangira chakudya. Werengani zolembedwa papaketi: ngati krill kapena astaxanthin zili kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, kapena paketiyo sikunena n'komwe zomwe zili mkati, musayembekezere zambiri. Zinthuzi zimawonongeka ndi kuwala, kutentha ndi mpweya, ndiye chitini chomwe chakhala chotsegula pawindo miyezi isanu ndi umodzi chatha mphamvu. Gulani chochepa, sungani pozizira, tsekani bwino. Ngati vuto linali chakudya, kusintha kumaoneka m'masabata atatu kapena anayi. Mwezi ndi theka ukatha popanda kusintha, lekani kuwonjezera, si kumeneko.

Chenjezo kwa oweta mbuna zofiira monga Red Zebra: izi zimadya ndere, matumbo ake ndi aatali, ndipo mukazidzaza ndi krill ndi nyongolotsi pofuna kufiiritsa zimatupa mimba n'kufa. Kwa izo maziko akhale spirulina, shirimpi pang'ono pokha.

Makolo ndi ofiira, madzi ndi abwino, ana si ofiira

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndipamene ndikufuna mukhale nane nthawi yaitali.

Funso loyamba: yaikaziyo ndi yani? Aulonocara zazikazi za mitundu yosiyanasiyana zimafanana kwambiri, zotuwa moderapo ndi mizere yosaoneka bwino, kotero kuti ngakhale akatswiri amavutika kuzisiyanitsa zikasakanizidwa. Wogulitsa akhoza kukutapirani zazikazi m'thanki yosakaniza mosadziwa iye mwini. Mwana amatenga theka kwa mayi. Ngati mayiyo ndi wa mtundu wabuluu, tate wofiira chotani sangaphimbe zimenezo. Oweta ambiri amalipira ndalama zambiri pa yaimuna n'kutola zazikazi zilizonse zotsika mtengo, ndipo pamenepo chaka chatayika kale mazira asanaikidwe. Gulani zazikazi kwa munthu amene angakuonetseni tate wake ndi alongo ake aamuna. Njira yabwino koposa ndi kugula tiana 12 kapena 15 a mzere umodzi kwa woweta mmodzi, n'kuwalera nokha.

Funso lachiwiri: tate ndi amene mukumuganizirayo? Nsombazi zimaikira mazira pamchenga kapena pamwala, yaikazi n'kuwatola m'kamwa, n'kumazungulirana ndi yaimuna mpaka mazira atalandira mbewu. M'kati mwa kuzungulirana kumeneko, yaimuna ina yodzizimitsa ija imatha kulowerera mwaliwiro n'kusiya mbewu yake. Ana a mayi mmodzi akhoza kukhala ndi atate awiri kapena atatu. Ndiye m'thanki yobereketsera mukhale yaimuna imodzi yokha ndi zazikazi zinayi kapena zisanu, popanda mtundu wina uliwonse. Yang'anitsitsani ngati pakati pa zazikazizo palibe yaimuna yobisala: zipsepse zakumsana ndi zapansi zosongoka, ndi kabuluu kowala pansagwada, ndi zizindikiro zokayikitsa. Ndipo yaikazi yomwe mwaigula itafungatira kale mazira m'kamwa, ana akewo musawawerengere mumzere wanu.

Funso lachitatu: makolowo ndi mahaibulidi a m'badwo uti? Aliyense amene analimapo chimanga cha haibulidi amadziwa kuti ukasunga mbewu yake n'kubzala chaka chotsatira, m'munda mumatuluka zosiyanasiyana, zina zazitali, zina zazifupi, zisononkho zosafanana. Nsomba nazo ndi chimodzimodzi. Mitundu iwiri ikasakanizidwa, ana oyamba amafanana kwambiri, ndipo amatha kukongola. Anawo akabalana okhaokha, zobisika za agogo onse awiri zimatulukira: wina wabuluu, wina wamawanga, wina wachikasu, ochepa okha ofiira. Limeneli si tsoka, ndi mmene chibadwa chimagawikira. Kufiira kwa peacock sikuyendetsedwa ndi jini imodzi (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo). Ndi majini ambiri, lililonse kuwonjezera pang'ono, ena kuchulukitsa timaselo tofiira, ena kuchepetsa takuda ndi tabuluu tomwe timaphimba pamwamba. Kusonkhanitsa zonsezo mu nsomba imodzi kumafuna mibadwo ingapo, ndipo m'badwo umodzi wa Aulonocara ndi pafupifupi chaka, mwina kuposerapo mukawerengera nthawi yodikira kuti amuna aonetse maonekedwe awo enieni. Amene akufuna mzere wofiira wokhazikika awerengere zaka zinayi kapena zisanu.

Nanga yaikazi mungaisankhe bwanji pamene sionetsa kanthu? Mumaiweruza kudzera mwa abale ake ndi ana ake. Yaikazi ikafungatira mazira, khosi lake limatupa ndipo imaleka kudya. Imawasunga pafupifupi milungu itatu. Pa sabata yachiwiri isamutseni mosamala muiike m'kathanki kayokha, ilavule ana pamenepo. Peacock imodzi imabala ana 20 mpaka 50 malingana ndi kukula kwake. Ana a mayi aliyense akulire paokha, ndipo pagalasi mulembe dzina la mayi, la tate, ndi tsiku. Pakatha miyezi 8 kapena 10, yerekezani magulu. Tate ndi mmodzi, chakudya chimodzi, madzi amodzi. Ngati amuna a gulu la mayi wachiwiri afiira kuposa a magulu ena, mwadziwa kuti mayi wachiwiri ndiye wabwino, ndipo ana ake aakazi ndiwo mudzabereketse. Gulu limene amuna ake ambiri ndi ofiira bwino limaposa gulu lokhala ndi mmodzi wofiira modabwitsa pakati pa otuwa. Mmodziyo angokhala ndi mwayi, pamene alongo a gulu loyamba lija anyamula chimene mukufuna.

Ndikudziwa kuti zimenezi zikutanthauza mathanki ambiri, ndipo galasi ndi lodula. Zidebe zazikulu zapulasitiki zosungira chakudya kapena migolo yodulidwa pakati, yokhala ndi sefa yathonje ndi mpweya, zimalera ana bwinobwino. Ngati malo akulolani magulu awiri okha, lerani awiriwo mosiyana, kusiyana ndi kuthira asanu pamodzi. Mukasakaniza ana, simungathenso kusankha zazikazi, ndipo mwasiya theka la ntchito m'manja mwa mwayi.

Mitundu ina zazikazi zimakuthandizani pang'ono. Dragon Blood yaikazi imakhala yapinki kapena yaolenji wopepuka, ndipo yozama kwambiri ndiyo yofunika. OB yaikazi imaonetsa mawanga ake ndi mtundu wapansi pa mawangawo. Red Zebra, Metriaclima estherae, ndi chitsanzo chosangalatsa: katswiri wa nsomba Ad Konings anaitchula dzinali mu 1995 polemekeza Esther Grant, mkazi wa Stuart Grant amene kwa zaka zambiri ankatumiza nsomba kunja kuchokera ku Kambiri Point ku Salima. Kwawo kwa nsombayi ku Minos Reef, kugombe la Mozambique, zazikazi ndizo zaolenji pamene amuna ambiri ndi abuluu. Amuna aolenji amene adzaza m'masitolo ndi ntchito ya oweta. Pa nsomba imeneyi, yaimuna ikakhwima nthawi zambiri imapepuka kukhala yotuwa mwapinki, ndipo kufiira kozama mumakupeza pa yaikazi. Amene akudandaula kuti Red Zebra yake yaikulu yatuwa ayambe waona ngati si yaimuna imene yangokula.

Chinthu china chimene ndimachiumirira: posankha nsomba zobereketsa, musazidyetse chakudya chofiiritsa champhamvu. Chakudya chotero chimakweza nsomba zonse kufika pafupi, ndipo yabwino ndi yapakatikati zimafanana. Pa miyezi iwiri yomaliza musanasankhe, zipatseni chakudya wamba chabwino chokhala ndi carotenoid wapakatikati. Yomwe ikhalabe yofiira pamenepo ndiyo imadziwa kutenga utoto m'chakudya n'kuusunga pakhungu, ndipo luso limenelo ndilo limapita kwa ana. Utoto wa m'chitini supita kwa ana.

Kufiira kulipo koma kwaphimbidwa

Nthawi zina nsomba ili ndi kufiira kokwanira pamapewa, koma thupi lonse laphimbidwa ndi buluu wonyezimira, kapena mizere yakuda siichoka. Buluu wa nsombazi si utoto. Ndi kuwala kobwezedwa ndi timaselo tonga magalasi, ndipo chakudya sichimuchepetsa. Amachepa posankha basi. M'badwo uliwonse tengani yaimuna imene kufiira kwake kwafika patali kwambiri kulowera kumchira, ngakhale kutakhala kopepuka pang'ono. Kukulitsa dera lofiira kumavuta kuposa kuzamitsa utoto, ndiye yambani ndi dera. Ngati mwakhala mibadwo iwiri mukungopeza olenji, ndiye kuti mzere wanu ulibe chimene mukufuna, ndipo kusankha sikungatulutse chomwe mulibe. Pezani yaimuna ya mzere wina wofiira kwambiri wa mtundu womwewo, muibereketse ndi zazikazi zanu zabwino.

Pa OB, mawanga akuda akachuluka amameza kufiira. Mawanga amenewa anachokera ku mbuna, kumene amaoneka kwambiri pa zazikazi, ndipo amapita kwa ana mosavuta: kholo limodzi lokhala nawo n'lokwanira kuti ana ambiri atuluke nawo. Sankhani makolo a mawanga ochepa ndi ang'onoang'ono mbali zonse ziwiri.

Red Texas ndi Blood Parrot: kuyembekezera kusuluka

Izi zili ndi njira ina. Blood Parrot inatuluka ku Taiwan cha m'ma 1986. Red Texas imapangidwa posakaniza Herichthys, makamaka carpintis yokhala ndi timadontho tonyezimira, ndi nsomba yofiira monga Blood Parrot kapena Red Devil. Kufiira kwake kumachokera ku Amphilophus za m'nyanja za ku Nicaragua. Zina mwa izo zimabadwa zotuwa, kenako timaselo takuda timafa, n'kusiya chikasu, olenji kapena kufiira komwe kunali pansi. Jini ya kusulukaku ndi yamphamvu, imaoneka ngakhale itachokera kwa kholo limodzi, koma nthawi yake imasiyana: ena amasuluka ali masentimita ochepa, ena patatha chaka, ena amasiyira panjira n'kukhala ndi zigamba zakuda. Nthawi zambiri nsomba imayamba yada kwambiri isanayambe kusuluka, ndipo oweta atsopano amaiyesa matenda n'kuthira mankhwala. Ngati ikudya ndi kusambira bwino, isiyeni.

Chokhumudwitsa n'chakuti kusuluka kumachepetsanso timadontho tonyezimira, ndipo yosuluka siimakhala yofiira nthawi zonse. Yambiri imathera pa olenji kapena yoyera. Yofiira psuu yokhala ndi madontho okwanira imapezeka mwa ochepa kwambiri pa gulu la mazana, n'chifukwa chake mtengo wake ndi wokwera. Mwana amene sanalandire jini yosulukayo sadzasuluka ngakhale mutamudyetsa chiyani.

Ngati mazira akusanduka oyera ndi kuchita nkhungu m'masiku awiri kawirikawiri, kayikirani yaimuna. Amuna ambiri a Blood Parrot ndi osabereka, ndipo ambiri a Red Texas ali chimodzimodzi, pamene zazikazi zimabereka bwino. Choncho gwiritsani ntchito yaikazi yosuluka bwino ndi yaimuna ya carpintis yeniyeni, kapena yaimuna ya haibulidi yomwe yatsimikizika kale kuti imabala. Muike chotchinga cha mabowo pakati pawo masiku oyamba, chifukwa yaimuna ya mitundu imeneyi ingaphe yaikazi usiku umodzi.

Kufiira kwabwera, matupi awonongeka

Pofika m'badwo wachitatu kapena wachinayi wobereketsa pachibale, ena amayamba kuona misana yopindika, milomo yokhota, zophimba makha zazifupi, mazira ochepa ndi ana ofa msanga. Musanaimbe mlandu chibale, onani kaye ngati si chakudya chakale chopanda vitamini C, madzi oipa m'masabata oyamba, kapena kutulutsa ana m'kamwa mwa mayi akadali ndi thumba la dzira n'kuwasiya pansi osagwedezeka. Ngati kupindikako kuli m'magulu onse a nthawi imodzi, vuto ndi kaleredwe. Ngati kuli mwa ana a makolo ena okha, kapena kukuwonjezeka m'badwo ndi m'badwo, ndi chibadwa.

Njira yopewera ndi kusunga mizere iwiri kuyambira pachiyambi, yonse yosankhidwira kufiira, n'kuisakaniza pakatha mibadwo itatu. Mukhozanso kusinthana amuna ndi woweta mnzanu amene ali ndi mtundu womwewo. Kufiira kumatsika pang'ono m'badwo wotsatira n'kubwereranso. Nsomba yopindika msana musaibereketse ngakhale itafiira kuposa zonse. Ine ndimaika thupi patsogolo: kawongokedwe, kukula, kadyedwe, ndipo kufiira ndimakuyang'ana pakati pa zomwe zapambana pamenepa.

Tiana timafunikanso chakudya choyenera kuyambira tsiku loyamba. Artemia (tishirimpi ting'onoting'ono ta m'madzi amchere) yongoswa kumene, yomwe imaswa patatha pafupifupi maola 24 m'madzi amchere opita mpweya, ndiyo yabwino koposa m'masabata oyamba. Ikasowa, perani chakudya cha zazikulu chikhale ufa, mudyetse pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku, n'kusintha madzi pafupipafupi. Mwana amene wapinimbira m'miyezi iwiri yoyamba saonetsa zonse zimene ali nazo, ndipo mudzaweruza molakwa mayi wake.

Nsomba zotsala zipite kuti

Kusankha kumatanthauza kuti pa ana 40 musunga asanu kapena asanu ndi mmodzi. Otsalawo agulitseni kapena apatseni anzanu ndi dzina loona. Haibulidi itchuleni haibulidi, ndipo yaikazi yotuwa ya mzere wosakanizika musailole kupita m'thanki ya munthu amene akusunga Aulonocara stuartgranti yeniyeni, chifukwa sadzaizindikira mpaka ana atakula. Zopunduka kwambiri zigonekeni ndi mafuta a clove osungunulidwa m'madzi mpaka zitaleka kupuma kwa mphindi zambiri.

Kwa ife okhala pafupi ndi kwawo kwa nsombazi pali ngozi imene woweta wa ku London alibe. Mitsinje ya Linthipe ndi Bua imathira m'nyanja, ndipo nsomba yotayidwa mu ngalande kapena m'dziwe losefukira nthawi ya dzinja ingathe kufika. Zoterezi zinachitikapo ndi nsomba za m'nyanja momwemo: Cynotilapia afra yochokera kumpoto inatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear m'zaka za m'ma 1960, ndipo pambuyo pake inapezeka itasakanizikana ndi Metriaclima zebra ya pamalopo. Dera limenelo tsopano lili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Haibulidi ya peacock ingabalane ndi Aulonocara za m'nyanja mosavuta. Choncho zidebe zolerera zikhale pamalo pamene madzi a mvula sangazisefukire, paipi yotayira madzi ikhale ndi kaukonde kumapeto, ndipo madzi osinthawo athirireni kumunda wa masamba osati m'ngalande. Amene akufuna nsomba za m'nyanja zoti ayambire mzere wake apite kwa ogulitsa okhala ndi chilolezo cha Dipatimenti ya Nsomba, afunse dzina la malo enieni pamene nsombazo zinagwidwa, n'kulilemba pagalasi pamodzi ndi tsiku.